Moodle ndiyabwino ndithu, koma asakunamizeni kuti ndi yaulere

Anzanga ophunzitsa m'makoleji ndi m'mayunivesite, ndi inu akuluakulu amene mumakhala m'makomiti ogula zinthu aja, ndati ndilembeko za zida zomwe tikugwiritsa ntchito posakaniza maphunziro a m'kalasi ndi a pa intaneti, chifukwa nkhaniyi ikumakambidwa kwambiri ndi anthu oti sanachongepo asayinimenti ngakhale imodzi pa foni. Ine ndimaphunzitsa, makalasi anga ndi aakulu makamaka a chaka choyamba, ndipo ndagwirapo Moodle, Google Classroom, Zoom, Meet ndi WhatsApp yathu yomweyi. Ndinene kumayambiriro konkuno kuti amene ali ndi changu asavutike: ngati sukulu yanu ili ndi munthu wa ICT wodziwa ntchito amene mukumulipira bwino, komanso magetsi odalirika a seva (kompyuta yaikulu yomwe pulogalamu imakhalamo), tengani Moodle, pulogalamu yoikamo manotsi, makwizi ndi maasayinimenti pa intaneti. Ngati zimenezo palibe tengani Google Classroom ndipo musachite nazo manyazi. Zoom ikhale ya apo ndi apo basi.

Ambirife zinthu izi tinaziyamba mokakamizidwa. Sukulu zitatsekedwa pa 23 March 2020 chifukwa cha Covid-19, aliyense anangogwira chomwe chinali pafupi, wina gulupu ya WhatsApp, wina Classroom pa gmail yake, wina kumangotumiza manotsi kwa kalasi repu kuti agawire anzake, ndipo pomwe zinkatsegulidwanso pang'onopang'ono mu September chaka chomwecho dipatimenti iliyonse inali ndi kachitidwe kake. Panopa nkhani si Covid ayi. Nkhani ndi yoti ana akuchuluka kuposa mipando, holo yomwe anaimangira anthu ochepa ikulowa chinamtindi ena kumamvera ali pawindo, kuonjezera apo pali a ODeL aja ophunzira ali kutali, aphunzitsi a kusekondale ndi manesi omwe amabwera pa kampasi masabata ochepa kenako n'kubwerera kuntchito kwawo. Mzuni inayamba kalekale za ODeL, LUANAR nayonso ili nazo, ndipo chigawanikireni UNIMA mu 2021 kukhala UNIMA, MUBAS ndi KUHeS aliyense akufuna ophunzira ambiri. Nde kusakanizaku sikuchoka, funso langotsala loti tisakanize ndi chani.

Moodle anaiyambitsa ndi Martin Dougiamas wa ku Australia, inatuluka koyamba mu 2002, ndipo pulogalamu yake munthu aliyense atha kuitenga osalipira kanthu, kuiika pa seva yake, kuisintha mmene akufunira. Apa ndi pomwe mabwana amasangalalira mu miting'i, akangomva kuti palibe laisensi basi maso amawala. Koma ulere wake uli ngati munthu wakupatsa ng'ombe yamkaka, khola ndi lako, msipu ndi wako, dibi ndi lako, ikadwala usiku udzuka ndiwe. Pamafunika seva, magetsi osathima, bakapu, ndi munthu woti aziiyang'anira tsiku ndi tsiku osati wongobwereka ku labu ya makompyuta akapeza mpata. Sukulu yomwe siinaike zimenezi mu bajeti Moodle yake imangokhala dzina, linki ilipo pa webusaiti koma ukadina ikungozungulira.

Chomwe ndimaikondera kwenikweni ndi app yake ya pa foni, osati za pa laputopu zomwe amationetsa pa projekita zija. Mwana akalowa mu kosi pa app, pambali pa gawo lililonse pamakhala kachizindikiro ka mtambo kokhala ndi muvi woloza pansi, akadina zinthu zonse za sabata imeneyo zimalowa mu foni, ma PDF, masamba a manotsi, zomvera, ndipo atha kumawerenga ali kumudzi kopanda netiweki olo kadontho. Atha kulemba yankho pa forum, malo okambirana a mu kosi, kapena kuponya asayinimenti alibe bandulo, app imasunga n'kudzatumiza yokha akadzapeza intaneti. Mulinso poti utha kuiuza kuti izitumiza pokhapokha ili pa Wi-Fi, nde mwana wokhala kunja kwa kampasi amabwera m'mawa, kukhala pa khonde la laibulale mphindi zingapo, kudawunilodi za sabata yonse n'kumapita. Kwa ine chimenechi ndi chomwe chimapangitsa Moodle kupambana enawa kuno kwathu, chifukwa mwana wathu sakhala pa intaneti tsiku lonse, amalowa n'kutuluka malinga ndi ndalama yomwe ili m'thumba, ndipo chida chomwe chimaganiza kuti munthu ali pa intaneti nthawi zonse chinapangidwira anthu ena osati ife.

Ngakhale kwizi imatheka kulemba opanda netiweki koma apa muchenjere, sizimangochitika zokha. Mu ma setting a kwiziyo muyenera kulola kuti ilembedwe pa app popanda intaneti, ndipo imakana ngati mwaika malire a nthawi kapena ngati mwasankha kuti mwana aziona yankho pa funso lililonse pompopompo, imafuna ija yoti mayankho onse aoneke pamapeto. Zomveka, foni yomwe siikulankhula ndi seva nthawi angaiwerenge ndani. Nde kwizi yotereyi ndi yongoyeserera, yoti mwana adziyese yekha ngati wamva, osati ya malikisi ambiri.

Mbali ya mafunso ndi yomwe Moodle inasiya anzake kutali. Umapanga nkhokwe ya mafunso, kuwaika m'magulu malinga ndi mitu, kenako kuiuza kuti mwana aliyense imupatse mafunso khumi osankha mwachisawawa kuchokera mu nkhokwemo, ndi mayankho osokonezedwa ndondomeko, nde zija zoti wina walemba msanga n'kutumiza pa gulupu kuti 1 ndi B, 2 ndi D, sizigwira ntchito. Kwa ife a masamu ndi ziwerengero pali mtundu wa funso loti manambala amasintha kwa mwana aliyense, funso limodzi lomwelo koma wina apatsidwa 45 wina 72, iwe umangolemba fomula kamodzi yokha imachonga. Ndipo simukuyenera kulowetsa mafunso limodzilimodzi pa webusaiti mukulimbana ndi netiweki, lembani mu Notepad mwa kalembedwe kotchedwa Aiken, funso pamwamba, A B C D pansi pake, mzere womaliza ANSWER: C, mulowetse fayilo yonse kamodzi. Malikisi onse amagwera mu buku limodzi loti utha kulitulutsa mu Excel nthawi ya bodi ya mayeso. Munthu amene anachongapo mapepala a kalasi ya chaka choyamba pa manja mpaka tambala kulira akudziwa chomwe ndikunena.

Tsopano zoipa zake, ndipo zilipo zambiri ndithu. Choyamba ndi yovuta kwa mphunzitsi woyamba kumene. Ukati uike asayinimenti imodzi yokha imakutsegulira tsamba lalitali la ma setting, tsiku loyamba kulandira, tsiku lomaliza, tsiku lotsekeratu, mtundu wa mafayilo, magulu, kachongedwe, zina zoti sudzazigwiritsa ntchito mpaka kupuma pa ntchito. Achikulire ena mu dipatimenti, anthu odziwa zinthu zawo bwinobwino, amangoona tsambalo n'kutseka laputopu kuti aaa ine ndizingopereka mahandauti. Moodle 4.0 yomwe inatuluka mu 2022 inakonzako maonekedwe, pano kumanzere kuli mndandanda wa mitu woti utha kudumphira pomwe ukufuna, koma kuchuluka kwa mabatani kudakalipo. Ndipo ngati palibe amene waphunzitsa aphunzitsi, kosi imasanduka mtaya wa ma PDF, mafayilo makumimakumi ongoponyedwa opanda dongosolo, ena dzina lake scan0001, mwana osadziwa poyambira. Maphunziro a tsiku limodzi ku nyanja aja okhala ndi alawansi sathandiza, chofunika ndi munthu woti ukakakamira Lachiwiri masana umuimbire abwere pa ofesi.

Pali tizinthu tiwiri ting'onoting'ono tomwe timadya nthawi kuposa china chilichonse. Koyamba ndi pasiwedi. Mmene imabwerera, Moodle imafuna pasiwedi ya zilembo zosachepera 8, mukhale nambala, chilembo chachikulu, chaching'ono ndi chizindikiro china ngati nyenyezi kapena dola, nde mwana amapanga tsiku la orientation ali pa chipwirikiti, pofika sabata yachitatu waiwala. Akadina poti waiwala pasiwedi uthenga umayenera kupita ku imelo yake, koma ngati a ICT sanalumikize bwino za imelo pa seva, kapena imelo yomwe inalembedwa ndi ija anamutsegulira munthu wa pa cafe pofunsira malo ndipo iye sanailoweponso, basi mzere pa ofesi ya ICT mpaka panja. Kachiwiri ndi kukula kwa fayilo. PHP, pulogalamu ya pa seva yomwe Moodle imayendera, imabwera ndi malire a 2MB pa fayilo imodzi ngati palibe amene wasintha, pomwe ana athu ambiri alibe laputopu, amalemba pa pepala n'kujambula ndi foni, chithunzi chimodzi chokha chimatha kupitirira pamenepo. Mwana wajambula masamba asanu, nthawi ikutha pakati pa usiku, ikumukanira, mawa lake akubwera kudzalira ku ofesi ndipo sukudziwa ngati akunena zoona kapena ayi. Kukonza kwake ndi mizere iwiri mu fayilo ya php.ini, ntchito ya mphindi zisanu kwa wodziwa. Ana nawonso aphunzitseni kusandutsa zithunzi kukhala PDF imodzi yopepuka sabata yoyamba yomweyo, ndi phunziro lofunika kuposa mbiri ya yunivesite yomwe timawauza pa orientation ija.

Za mauthenga nazo musayembekezere zambiri. App ndi yaulere inde koma pa pulani yaulereyo mauthenga odzidzimutsa aja, oti foni ilire kuti mphunzitsi waika chinthu, amafika pa mafoni 50 okha pa mwezi kwa sukulu yonse, kupitirira apo mulipire pulani ya madola. Pa sukulu ya ana masauzande, mafoni 50 ndi chani. Nde zoona zake n'zoti chilengezo ukachiika pa Moodle pokha sichimveka, umayenera kukachinenanso pa WhatsApp.

Funso lina lomwe komiti imalidumpha ndi loti seva ikhale kuti. Ikakhala pa kampasi ubwino wake ndi woti ana omwe ali pa Wi-Fi ya sukulu amaipeza mwachangu ngakhale intaneti yakunja itaduka, komanso poti zonse zili pa adiresi imodzi n'zosavuta kukambirana ndi makampani a mafoni kuti ana azilowa osadya bandulo, mmene anachitira ku South Africa mu 2020 ndi mawebusaiti a mayunivesite awo. Ndi Google zimenezi n'zovuta chifukwa zinthu zake zamwazikana, zina pa Drive zina pa YouTube. Kuipa kwake ndi magetsi. Tonse tikukumbuka mmene zinalili namondwe Ana ataononga Kapichira mu January 2022, ma megawati pafupifupi 130 kuchoka pa gridi kwa chaka chathunthu ndi miyezi, ndipo seva yodalira jenereta imadaliranso dizilo, dizilo amadalira forex. Seva ikathima pakati pa kwizi ya ana mazana atatu mphunzitsi ndi amene amatukwanidwa. Ngati muika pa kampasi gulani sola ndi mabatire a chipinda cha seva chokhacho musanagule china chilichonse, apo ayi lipirani malo pa seva zakunja muzidziwa kuti bilu yake ibwera mu madola. Ndipo funsani a MAREN, omwe ntchito yawo ndi kulumikiza mayunivesite ndi malo a kafukufuku kuno ku Malawi, kuti angakuthandizeni motani musanapite kwa ogulitsa.

Google Classroom tsopano. Inabwera mu 2014 ndipo ubwino wake ndi umodzi waukulu, siivuta. Mphunzitsi amene sanaionepo atha kutsegula kalasi pa mphindi khumi, imakupatsa kodi, walemba pa bolodi, ana alowa. Palibe seva yoti muidandaule, magetsi a pa kampasi athime isathime iyo ilipo, ndipo poti pafupifupi mwana aliyense ali ndi itel kapena Tecno ya Android akaunti ya Google ali nayo kale. Ndimakonda kaja koti ukaika fayilo ya Docs umaiuza kuti ipange kope la mwana aliyense, nde umatha kuona mmene akulembera n'kumuikira ndemanga m'mbali asanamalize, kwa ana a chaka chomaliza olemba maprojekiti izi n'zothandiza zedi. Pulani ya masukulu yoyambira ndi yaulere ngati sukulu yalembetsa ndi dzina la webusaiti yake.

Koma ndi yosaya. Kwizi imadalira Google Forms, yomwe imatha kusokoneza ndondomeko ya mafunso koma yosakhala ndi nkhokwe yeniyeni yoti aliyense apatsidwe ake, ndipo zotseka foni kuti mwana asatsegule tsamba lina zimagwira pa ma Chromebook a sukulu okha, malaputopu a pulogalamu ya Google omwe ife tilibe. Zinthu zakale zimakwiririka pansi pa zatsopano ngati mphunzitsi sakuziika m'mitu. Ukatsegula kalasi ndi gmail yako wamba malire ake ndi anthu 250, kalasi ya chaka choyamba siikwana, pa akaunti ya sukulu ndi pomwe imafika 1,000. Palinso chisokonezo cha maakaunti awiri, foni ili pa gmail ya mwana pomwe kalasi ikufuna imelo ya sukulu, iye akungoona uthenga woti alibe chilolezo n'kumaganiza kuti mphunzitsi wamuchotsa. Ndipo chondidetsa nkhawa kwambiri n'choti makalasi ambiri a 2020 aja anatsegulidwa pa ma gmail a aphunzitsi, mphunzitsi akachoka kupita kukachita PhD kapena kukagwira kwina, manotsi, malikisi ndi ntchito za ana zonse zimapita naye, dipatimenti kutsala chimanjamanja. Ngati mwasankha Classroom chitani zoti sukulu ikhale mwini wake.

Za Zoom ndi Meet tiyeni tingowerengera limodzi. Zoom yaulere imadula pa mphindi 40 ndipo imalola anthu 100, Meet yaulere ya gulu imafika ola limodzi, anthu 100 omwewo. A Zoom eni ake amanena kuti vidiyo yooneka bwino imafuna cha m'ma 600kbps, ukachulukitsa ndi masekondi 3,600 a mu ola n'kugawa ndi 8 zikukupatsa 270MB pa ola, kumeneko ndi kungolandira kokha kamera yako ili yotseka. Mwana ali ndi makosi asanu kapena asanu ndi limodzi, iliyonse maola atatu pa sabata, muwerengere nokha kuti ndi ma GB angati pa mwezi, kenako mufunse kuti ndalama ya loni ija ikachoka ya chakudya ndi lendi imatsala zingati. Mawu okha amadya 60 mpaka 80kbps, kutanthauza 27 mpaka 36MB pa ola. Kusiyana konseko ndi nkhope ya lekichara basi, yomwe ana amaiona kale Lolemba lililonse. BigBlueButton, pulogalamu ina ngati Zoom yomwe inachokera ku Carleton University ku Canada ndipo pano imabwera limodzi ndi Moodle, ndiyabwino pa kuonetsa masilaidi ndi mawu popanda kamera, koma imafuna seva yakeyake yamphamvu, musaiphatikize pa seva ya Moodle yomweyo.

Kupatula ndalama, kalasi ya pompopompo imafuna kuti anthu onse akhale ndi netiweki, batire ndi malo achete pa ola limodzi lomwelo. Mphindi khumi zoyambirira zimathera mukundimva kodi, mukuona sikirini, amene watsegula maiki atseke tikumva nkhuku. Nesi wa ODeL ali pa shifiti, mphunzitsi wa ku CDSS ali m'kalasi mwake. Ine Zoom ndimaisungira zinthu zochepa, mlendo wochokera kunja akafuna kulankhula ndi ana, kapena kukumana ndi ana anayi asanu a projekiti. Zinazo ndimajambula mawu mphindi khumi ndi zisanu kapena makumi awiri ndikufotokoza masilaidi, kunena kuti tsopano pitani pa silaidi 7, n'kuika pamodzi ndi PDF yake, zonse pamodzi sizifika ngakhale 10MB ndipo mwana amamvera kangapo ali mu minibasi. Pomwe pafunika vidiyo ndithu, monga kuonetsa kasoveredwe ka samu pa pepala, ndimaipanikiza kaye ndi HandBrake, ndi yaulere, fayilo imachepa kwambiri koma zolemba zikuonekabe.

WhatsApp musalimbane nayo, simungaigonjetse. Airtel ndi TNM onse ali ndi mabandulo ake apadera otchipa, mwana amene alibe bandulo ya intaneti yonse ya WhatsApp yokha amakhala nayo, gulupu imalowa anthu 1,024, uthenga umawerengedwa mphindi yomweyo. Kulengeza kuti kalasi yasintha chipinda palibe choiposa. Koma si malo osungira maphunziro, PDF yomwe unatumiza sabata yachiwiri pofika sabata yachisanu ndi chitatu yakwiririka pansi pa mamemes, zolengeza maliro ndi wina wogulitsa mafoni, foni ikadzadza mwana amafufuta zonse, wolowa mochedwa saona zakale. Ndipo kulandirira asayinimenti pa nambala yako ndi kudziitanira mavuto, ana akukuimbira 11 koloko usiku, komanso tinene zoona, nkhani za aphunzitsi ndi ana aakazi ku inbox tonse timazimva, ndi bwino zokambirana za malikisi zizikhala poti sukulu itha kuziona. Ine ndimapanga gulupu yoti olemba ndi ma admin okha, ine ndi makalasi repu, ndipo chomwe ndimaponyamo ndi chilengezo ndi linki yopita ku Moodle. Ana ali ndi gulupu yawo ina yomwe ine mulibe, mmene amatijeda, zimenezo n'zawo kkkk.

Canvas ndi Blackboard, mapulogalamu olipira ofanana ndi Moodle, sindikhalitsapo. Canvas ndi yokongola, yosavuta kuposa Moodle, ogulitsa ake akabwera kudzaonetsa aliyense amagwedeza mutu. Koma mtengo wake ndi wa chaka ndi chaka mu madola, ndipo kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022 n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, nde kontilakiti yomwe munasaina mukumwetulira imadzakhala ina pofika chaka chachitatu, pomwe makosi anu onse ali mmenemo kale ndipo kutuluka n'kovuta. Teams ya Microsoft ili ndi pulani yaulere ya masukulu ndipo kwa ogwira ntchito m'maofesi ndiyabwino, koma pa foni ya mwana yokhala ndi malo ochepa ndi yolemera.

Chinthu chomwe makomiti amaiwala n'choti kusakaniza kuli ndi mbali ziwiri, aliyense amangokamba ya pa intaneti. Ngati manotsi ndi zomvera zili kale pa Moodle ndiye ola la m'kalasi lija likhale la chani? Ukangobwera kudzawerenga masilaidi omwewo ana amasiya kubwera ndipo akulondola. Chomwe chandiyendera ine ndi kakwizi ka mafunso asanu koti alembe tsiku la kalasi lisanafike, malikisi ake ochepa kwambiri koma okwana kuti asakanyozere, m'mawa ndimatsegula lipoti la kwiziyo lomwe limaonetsa funso lomwe anthu ambiri alakwa, n'kuyambira pamenepo. Tsiku lina upeza kuti chomwe umaganiza kuti n'chophweka ndi chomwe chagwetsa theka la kalasi, chomwe unakonzekera kufotokoza ola lonse anachimva kale. Mayeso enieni okhala ndi malikisi ambiri ndimawasiya mu holo, pepala ndi cholembera, woyang'anira akuyendayenda. Chibwerereni ChatGPT kumapeto kwa 2022 nkhani yolemba kunyumba siikuuzanso zambiri za mwana, ndipo mapulogalamu omwe amati amagwira zolembedwa ndi makina amalakwitsa, sindingamulepheretse mwana chifukwa cha peresenti yomwe kompyuta yatulutsa. Kumuitana mwana kuti afotokoze ndime yachiwiri ya zomwe walemba kumaulula zambiri pa mphindi zitatu.

Moodle imasunganso mbiri ya chilichonse, ndani walowa liti, watsegula chani, ndipo izi zimathandiza pa milandu ya ndinatumiza koma sizinafike ija. Koma musathamangire kugamula kuti amene sakuoneka mu mbirimo ndi waulesi. Kawirikawiri mu hositelo mmodzi amadawunilodi n'kugawira anzake asanu pa Bluetooth kapena Xender, asanuwo seva siikuwadziwa koma awerenga. Amene sanalowe masabata atatu ndimangomufunsa kudzera kwa kalasi repu ngati zili bwino, nthawi zambiri yankho limakhala loti foni inabedwa kapena fizi yavuta ali kunyumba.

Kwa a komiti, musanasaine chilichonse chitani izi. Siyani laputopu ya ogulitsa ndi Wi-Fi ya mu boardroom, bwerekani foni ya mwana wa chaka choyamba, ija ya sikirini yosweka pakona yomwe ikungodandaula kuti malo atha, mugule bandulo ya tsiku limodzi, mupite nayo ku malo omwe ana amachita lendi kunja kwa kampasi, muyese kulowa, kutsegula manotsi, kujambula masamba atatu n'kutumiza. Muone yatha ma MB angati ndipo zatenga nthawi yaitali bwanji. Muyesenso ndi pulogalamu yomwe imawawerengera anthu osaona zolembedwa pa sikirini, chifukwa ana amenewa tili nawo ndipo PDF yongojambula pa fotokope makina awo satha kuiwerenga, amafuna yolembedwa zenizeni.

Ndipo mukasankha Moodle tengani ma version omwe amawasamalira nthawi yaitali aja, monga 4.5 ya 2024, osati kuthamangira iliyonse yatsopano, komanso osakweza pakati pa semesita zivute zitani. Onetsetsani kuti cron, kapulogalamu ka pa seva koyendetsa ntchito za Moodle zochitika zokha, ikuyenda mphindi iliyonse, ikaima maimelo ndi zina zambiri zimaima mwakachetechete popanda wodziwa. Bakapu isakhale mu chipinda chomwecho cha seva, mphezi ikagwa zipita zonse limodzi. Inu aphunzitsi musadikire a ICT, semesita ikatha lowani mu kosi yanu mupange bakapu nokha, imatuluka fayilo imodzi yothera ndi .mbz, muisunge pa flash kapena pa Drive yanu, semesita yotsatira mungoibwezeretsa n'kusintha madeti a makwizi ndi maasayinimenti.